Foni yatsopano ikafa: kodi lamulo la Mozambique limamupatsa chiyani wogula?

Nyengo ya malonda ikafika ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ndalama ya fodya, soya ndi mbatata ya kachewere imathera pa zinthu zodziwika: malata, feteleza wa chaka chamawa, njinga, ndi foni. Tiyerekeze mlimi wina wapita ku Ulongwe n'kugula foni ya mametikali 6,000 m'sitolo, ili m'bokosi lake. Patatha masabata awiri, foni yaleka kulowa moto. Wayesa chaja cha mnansi, wayesa pa sola ya mphwake, koma zii. Abwerera kusitolo kuja. Mwini sitolo ayitembenuzatembenuza, kenako aloza pepala lomata pakhoma lolembedwa m'Chipwitikizi kuti "Não aceitamos devoluções", kutanthauza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

"Pepani bambo, galantiya yathu ndi ya masiku 7. Mwabwera mochedwa."

Mlimi uja amabwerera kumudzi akudziimba mlandu yekha. Mwini sitolo nayenso nthawi zambiri sakunama dala. Iye amakhulupiriradi kuti galantiya ndi mphatso yake, imene angaitalikitse kapena kuifupikitsa mmene wafunira. Onse awiri sakudziwa kuti pali galantiya ina imene siichokera kwa mwini sitolo, ndipo pepala la pakhoma silingaifafanize. Koma galantiya imeneyo ilinso ndi malire ake, ndipo wogula amatha kuitaya osadziwa.

Kumene lamuloli linachokera

Kwa zaka zambiri, nkhani za katundu wachilema zinkaweruzidwa ndi Código Civil ya 1966, lamulo limene Apwitikizi anasiya ndipo dziko linapitiriza kuligwiritsa ntchito litalandira ufulu mu 1975. Lamulo limenelo limaona wogula ndi wogulitsa ngati anthu a mphamvu zofanana, monga alimi awiri amene akugulitsana mbuzi. Pa mbuzi zimenezi n'zoona ndithu: wogula amaiyang'ana mano, amaigwira m'mimba, amaiyendetsa kuti aone ngati ikutsimphina. Foni si mbuzi. Palibe wogula amene angasuzumire m'kati mwa batire kapena kuona ngati timawaya ta m'kati tinawotcheredwa bwino kufakitale. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa zipangizo zamakono wogula saloledwa n'komwe kung'amba nkuyuyo asanalipire.

Kusiyana mphamvu kumeneku n'kumene kunabala malamulo oteteza ogula. Pa 15 Malichi 1962, Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America anatumiza uthenga kunyumba ya malamulo ya dziko lake wonena za maufulu a ogula, ndipo n'chifukwa chake tsiku la 15 Malichi limakumbukiridwa padziko lonse ngati tsiku la ogula. Mu 1985 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zoti mayiko azitsata poteteza ogula. Kuno kwathu, malamulo aakulu a dziko a 2004 ali ndi ndime 92, imene imati ogula ali ndi ufulu wolandira katundu ndi ntchito zabwino, wodziwitsidwa, ndiponso wolipidwa akawonongeredwa. Kenako kunabwera Lei n.º 22/2009 ya pa 28 Sepitembala, yotchedwa Lei de Defesa do Consumidor, ndipo ndondomeko yoigwiritsira ntchito inatuluka mu 2016 mu Decreto n.º 27/2016.

Lamuloli linafika mafoni asanafalikire kumidzi. Kampani ya mcel inayamba mu 1997, Vodacom mu 2003, koma m'midzi yambiri ya kumapiri kuno netiweki inafika Movitel itayamba ntchito mu 2012. Lero foni ndi chikwama cha ndalama za M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ndi wailesi, ndi tochi, ndiponso njira yomvera mitengo ya mbewu. Ikafa, m'nyumba mumaima zambiri.

Lamulo la 2009 silikhudza kugulitsana kulikonse. Limateteza munthu amene wagula chinthu kuti azigwiritsa ntchito yekha kapena pabanja pake, kuchokera kwa munthu amene kugulitsa ndiye ntchito yake. Mukagula foni kwa alamu anu amene atopa nayo, nkhani yanu imabwerera ku Código Civil. Mukagula mafoni 20 kuti mukagulitse ku Furancungo, inu ndinu wamalonda, osati wogula amene lamuloli likunena.

Chilema n'chiyani, kuwononga n'chiyani

Apa ndi pamene mikangano yambiri imagona, choncho tipakhalitse.

Chilema, chimene lamulo limachitcha defeito kapena vício, ndi vuto limene limalepheretsa chinthu kugwira ntchito imene chinapangidwira, kapena limene limachepetsa mtengo wake, ndipo muzu wake unalipo kale pamene mumagula, ngakhale kuti unaonekera pambuyo pake. Foni imene imazima yokha n'kudziyatsanso, galasi limene limadzidina lokha, batire imene yafufuma patatha mwezi umodzi, polowetsa chaja pamene pasiya kugwira popanda chovuta chilichonse, foni yosawerenga simu khadi: zonsezi zikhoza kukhala zilema. Zili ngati ng'ombe imene munagula ikuoneka yonenepa koma inali itadwala kale m'khola la mwini wake. Matendawo aonekera kwanu, koma sanayambire kwanu.

Pali mtundu wina wa chilema umene ambiri sautenga ngati chilema. Foni ikhoza kumagwira ntchito bwinobwino koma osafanana ndi zimene zalembedwa pabokosi kapena zimene wogulitsa analengeza. Bokosi likuti malo osungira zinthu ndi 128 GB, koma mutaika zithunzi zochepa foni ikuti yadzaza. Dzina la kampani yotchuka lili kumbuyo, koma foniyo ndi feki. Lamulo la 2009 limawerengera kusiyana kumeneku pakati pa katundu ndi zimene zinanenedwa za iye ngati vuto limene wogulitsa ayenera kuyankhapo.

Kuwononga, kumene m'Chipwitikizi amati mau uso, ndi nkhani ina, ndipo lamulo limamasula wogulitsa pamenepa. Foni yagwa pa njinga galasi n'kusweka, yagwera m'chidebe cha madzi, mwana waimenyetsa pansi. Apa ng'ombe inabwera yabwinobwino, mwaithyola mwendo ndinu.

Pakati pa mbali ziwirizi pali chigwa chachikulu, ndipo moyo wathu wa ku Tete umakhala m'chigwa chimenecho. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo batire za lithium zimene zili m'mafoni onse zimakalamba msanga zikamatenthedwa. M'midzi yopanda magetsi anthu amatchaja pa sola kapena pa batire ya galimoto, nthawi zina popanda kachipangizo kolinganiza mphamvu ya moto, ndipo moto wosakhazikika umapsereza za m'kati. Ndiye foni ikafa patatha miyezi itatu, wogula amati inabwera yodwala, wogulitsa amati mwaipha ndi chaja chanu. Aliyense akhoza kukhala akunena zoona zimene akuzidziwa. Mafoni ambiri ali ndi kachizindikiro koyera m'kati, kawirikawiri pafupi ndi polowetsa simu khadi, kamene kamasanduka kofiira kakakhudzidwa ndi madzi, ndipo amisiri amayamba ayang'ana kameneko. Koma pa nkhani ya moto palibe kachizindikiro kosavuta chotero.

Cholakwa chimodzi chimene ndimachiona kawirikawiri n'choti foni ikangoyamba kuvuta, munthu amathamangira kwa mmisiri wa pamsika kuti aitsegule. N'zomveka, chifukwa mmisiriyo ali pafupi ndipo sitolo ili kutali. Koma foni ikatsegulidwa ndi munthu amene wogulitsa kapena kampani sinamuvomereze, umboni wa kumene vuto linayambira umasokonekera, ndipo wogulitsa amapeza chifukwa chomveka chokanira. Foni yatsopano ikavuta, ulendo woyamba ukhale wa kumene munaigula.

Magalantiya awiri

Mawu akuti galantiya timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi imene sitolo kapena kampani yopanga foni imalonjeza mwa kufuna kwake. Makampani ambiri amalemba miyezi 12 pakapepala ka m'bokosi, ndipo ena ali ndi malo awo okonzera. Mwachitsanzo mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, amene onse amapangidwa ndi kampani imodzi ya ku Shenzhen yotchedwa Transsion, amakonzedwa kudzera ku Carlcare. Galantiya yamtunduwu ili ndi malamulo ake amene kampaniyo imalemba yokha.

Yachiwiri ndi imene lamulo limaika pa wogulitsa, afune asafune. Lamulo la 2009 limati wogulitsa katundu wonyamulika amene satha pomugwiritsa ntchito, monga foni, wailesi kapena njinga, ayenera kutsimikizira kuti katunduyo adzakhala bwino ndi kugwira ntchito kwa nthawi yosachepera chaka chimodzi, pokhapokha ngati wogula wamuwononga yekha. Pa nyumba ndi zaka 5. Ndipo masiku amene foni yakhala kokonzedwa chifukwa cha chilema chimene inabwera nacho sawerengedwa; chaka chija chimaima n'kudikira kuti foni ibwerere m'manja mwanu.

Tingaziyerekeze ndi maziko a nyumba ndi khonde. Mwini sitolo akhoza kuwonjezera khonde, monga kulonjeza kuti m'masiku 7 oyamba adzakusinthirani foni pomwepo popanda mafunso. Zimenezo n'zabwino. Chimene sangachite ndi kukumba maziko, kunena kuti masiku 7 akatha ndiye kuti zonse zatha. Lamulo limati mfundo ya mgwirizano imene ikuchotsa kapena kuchepetsa udindo wa wogulitsa pa zilema za katundu ilibe mphamvu. Pepala la pakhoma lija likugwera m'gulu limeneli ngati likugwiritsidwa ntchito pokana foni yachilema.

Pali chinthu chimodzi chimene chimamasula wogulitsa mwachilungamo: ngati anakuuzani za chilemacho musanagule, inu n'kuvomera. Wakuuzani kuti kamera ya kumbuyo sigwira ntchito, n'chifukwa chake wakutsitsirani mtengo. Pamenepo simungabwerenso kudzadandaula za kamera yomweyo, ngakhale mungadandaule za vuto lina limene sanalitchule.

Kodi n'kubwezeredwa ndalama basi?

Ogula ambiri akafika kusitolo amafuna ndalama zawo pomwepo. Ogulitsa ambiri amafuna kukonza basi. Lamulo limatchula njira zinayi: kukonza foniyo, kuisintha ndi ina, kutsitsa mtengo, kapena kuthetsa malondawo, foni ibwerere ndalama zibwerere. Wogula sakakamizidwa kusonyeza kuti wogulitsa analakwa kapena ankadziwa za vutolo. Mwini sitolo akanena kuti "si ine ndinaipanga, achimwene, inenso ndinangoitenga ku Maputo," akunena zoona, koma zimenezo sizimuchotsera udindo. Iye ndi amene analandira ndalama zanu, ndipo ndi iye amene angakatsatire kwa amene anamugulitsa.

Lamulo limapatsanso wogulitsa mpata. Ali ndi masiku osapitirira 30 oti athetse vutolo. Akalephera, kusankha kumakhala kwa wogula: foni ina ya mtundu womwewo yabwinobwino, ndalama zake, kapena kuchotseredwa mtengo molingana ndi chilemacho. Mwa kuona kwanga, mpata umenewu ndi woyenera, chifukwa mwini kasitolo ka ku Tsangano alibe mafoni osungira osinthira aliyense, ndipo kutumiza foni mumzinda wa Tete n'kuibweretsa kumatenga nthawi. Chimene sichiyenera ndi chizolowezi cha "bwerani mawa" chimene chimafika miyezi itatu.

Mlandu uwu umaola

Kwathu timati mlandu suola. Pabwalo la mfumu nkhani ya munda ikhoza kudzuka patatha zaka khumi. Pa foni zinthu sizili choncho, ndipo ambiri amataya ufulu wawo pamenepa. Mukaona chilema, muli ndi masiku 30 oti mudziwitse wogulitsa, ndipo kudziwitsako kuchitike chaka cha galantiya chisanathe. Mukadziwitsa koma nkhani osatha, muli ndi miyezi 6 yoti muipititse patsogolo, osawerengera nthawi imene foni inali kokonzedwa. Nthawi zimenezi zikadutsa, ufulu umafa ngakhale foniyo inalidi yachilema.

Kwa munthu wa ku Chifunde amene anagula foni mumzinda wa Tete, masiku 30 si ambiri, makamaka nthawi ya mvula misewu itaipa, ndalama ya ulendo kulibe. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwitsa wogulitsa ngakhale musanayende. Uthenga wa SMS kapena WhatsApp wonena tsiku limene munagula ndi vuto limene mwaona umasiya chizindikiro cha tsiku, pamene mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo.

Kusintha maganizo

Mwagula foni yakuda m'sitolo, mwafika kunyumba, akazi anu akuti bwenzi mutatenga yabuluu. Foniyo ilibe vuto. Apa mwini sitolo akakana kuilandira sanaphwanye lamulo. Akailandira ndi ufulu wa mtima wake. Kusiyana kumabwera malonda akachitikira kunja kwa sitolo, monga poitanitsa katundu patali osamuona. Pamenepo lamulo limapatsa wogula masiku 7 ogwira ntchito, kuwerengera tsiku lolandira katunduyo, oti abweze malondawo.

Umboni: kapepala ndi manambala 15

Zonse tanenazi zimaima pa funso limodzi limene wogulitsa aliyense amafunsa: ndidziwa bwanji kuti foni iyi munaigula kwa ine, ndipo liti? Yankho lake ndi lisiti, kaya amaitcha fatura, resibo kapena talau. Lisiti yabwino imakhala ndi dzina la sitolo ndi nambala yake ya msonkho yotchedwa NUIT, tsiku, mtengo, mtundu wa foni, ndi nambala ya IMEI.

IMEI ndi manambala 15 amene foni iliyonse imabadwa nawo, ngati chizindikiro chimene amadinda pa ng'ombe kuti isasokonezeke ndi za ena. Mukaimba *#06# imaoneka pagalasi, ndipo foni ya ma simu khadi awiri imakhala ndi manambala awiri otere. Musanachoke m'sitolo, yerekezani nambala ya pagalasi ndi ya pabokosi. Zikasiyana, bokosilo si la foni imeneyo, ndipo ndi bwino kufunsa chifukwa chake ndalama zisanachoke m'thumba. IMEI imatetezanso wogulitsa, chifukwa alipo ogula osakhulupirika amene amabweretsa foni ina yakufa ya mtundu womwewo.

Malisiti ena amasindikizidwa pa mapepala opyapyala amene zilembo zake zimafufutika ndi kutentha, ndiye ijambuleni tsiku lomwelo, makamaka pa foni ya munthu wina, chifukwa chithunzi chosungidwa m'foni imene yafa sichingakuthandizeni. Ngati munalipira pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga wotsimikizira uja usungeni. Ndipo posiya foni kuti ikonzedwe, chotsani simu khadi ndi memore khadi, ndipo pemphani kapepala kosonyeza tsiku limene mwaisiya. Masiku 30 a wogulitsa aja amawerengedwa bwino pakakhala kapepala kameneko.

Kokadandaula

Kukambirana kukakanika, pali bungwe la boma loyendera malonda (ambiri amalidziwa ndi dzina lakuti INAE), limene limalandira madandaulo a ogula ndipo lili ndi nthambi m'chigawo cha Tete. Kumaboma, ofesi ya SDAE ndi imene imaona za malonda. INCM imayang'anira makampani a mafoni ndi kuvomereza zipangizo zolankhulirana zimene zikulowa m'dziko. Pamapeto pali khoti, ndipo amene alibe ndalama ya loya angapemphe thandizo ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. M'misika yambiri, mkulu wa msika amathetsa nkhani zotere msanga kuposa ofesi iliyonse, popeza wamalonda safuna kutaya mbiri pakati pa anzake.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la malire. Anthu ambiri a ku Angónia ndi Tsangano amagula zinthu ku Dedza, ku Lizulu kapena ku Lilongwe, ndipo a ku Moatize ena amadutsa pa Zóbuè kupita ku Mwanza ndi Blantyre. Foni yogulidwa ndi makwacha mbali inayo ili pansi pa malamulo a Malawi, kumene kuli lamulo loteteza ogula la 2003 ndi bungwe la CFTC loona za chilungamo pa malonda. Bungwe loyendera malonda la ku Mozambique lilibe mphamvu pa sitolo ya ku Dedza. Chilankhulo n'chimodzi, mabanja ndi amodzi, msika ndi umodzi, koma madandaulo sadutsa malire mosavuta ngati mmene katundu amadutsira. Ndani angathandize mlimi wa ku Calómuè amene sitolo imene inamugulitsa ili pamtunda wa makilomita ochepa, koma m'dziko lina?

Lachiwiri ndi la mafoni akaunjika ndi okonzedwanso. Wogulitsa pabenchi amene kugulitsa mafoni akale ndiye ntchito yake ndi wamalonda ndithu. Koma kodi n'chilungamo kumufunsa chaka chathunthu pa foni imene yagwira kale ntchito zaka zitatu kwina? Ena amati inde, popeza wogula wosauka ndi amene amafunika chitetezo kwambiri. Ena amati mtolo wotero ungakweze mitengo kapena kuthetsa malonda amene amafikitsa foni kwa anthu amene sangathe kugula yatsopano. Chogwirizana ndi zimenezi ndi nkhani ya ogulitsa oyendayenda m'misika ya pamlungu, amene alibe lisiti, ndipo sabata yamawa mwina sapezekanso pamalo omwewo.

Lachitatu ndi la foni imene imagwira ntchito ziwiri. Mayi wogulitsa tomato amene amalandira ndalama za makasitomala pa foni yomwe amaimbira ana ake, kapena mnyamata wa njinga ya moto amene amaitanidwa pa foni yake: kodi anaigula kuti azigwiritsa ntchito payekha kapena pa bizinesi? Lamulo limasiyanitsa ziwirizi, koma m'thumba la munthu wa kuno foni ndi imodzi.

Ndipo pali funso la amene angagamule za chilema. Wogula akuti foni inabwera yodwala, wogulitsa akuti yapsa ndi moto wa sola. Mmisiri amene angaitsegule n'kunena zoona nthawi zambiri ndi wa sitolo yomweyo kapena wa kampani yomwe inaipanga, ndipo wogula amamukayikira. Mmisiri wa wogula naye wogulitsa samukhulupirira. Pa foni ya mametikali 6,000, ulendo wochokera ku Macanga kupita mumzinda wa Tete kangapo, kuphatikizapo chakudya ndi pogona, ukhoza kudya gawo lalikulu la mtengo wa foniyo nkhani isanamveke n'komwe. Kodi boma lililonse lingakhale ndi munthu wodziwa za mafoni amene mbali zonse ziwiri zingavomereze mawu ake, ndipo angamulipire ndani?